Mabowo Anayi, Lilime Limodzi

Kuseri kwa depoti ya mabasi ku Salima
a Twaibu amamata machubu a njinga za kabaza.
Mpweya amaudziwa kuposa wina aliyense m'tauni muno:
amaviika chubu m'beseni la madzi akuda
n'kudikira thovu liwanong'oneze pamene pabooka.

Lachitatu lija ndinawapeza opanda kasitomala,
akupukutira hamonika pa malaya,
kachitsulo ka dzimbiri m'mbali, mabowo khumi.
Anangondipatsira, osafunsa kanthu.
Ine Tadeyo,
amene dzina langa lomwe limandikola pakhosi,
ta, ta, ta,
mpaka wofunsayo ayang'ane kumbali.

"Usaipsompsone, si khanda.
Ilowetse mkati, milomo ikumbatire mabowo anayi.
Tsono goneka lilime, litseke atatu a kumanzere.
Pakona ya kumanja pasale kampata
kongokwana nyerere imodzi."

Ndinauzira.
Munatuluka mbuzi zitatu za chingwe chimodzi
zili pa lole yochokera ku Khombedza.
Malovu anadzaza bowo lachinayi.
Mayi wa zitumbuwa anabisa mano m'chitenje.

"Ukukankha iwe. Chigamba sachikhomera ndi hamala.
Lilime lingotsamira, ngati munthu wotopa pa khoma.
Ndipo leka kuuzira ngati ukukoleza mbaula.
Puma basi. Pumira momwemo,
potuluka, polowa."

Kachisanu. Kachikhumi. Kenako ndinaleka kuwerenga.
Dzuwa la Okutobala linafewetsa guluu m'chitini,
nsagwada zinayamba kundiwawa,
ndipo ndisanakonzeke n'komwe
linatuluka liwu limodzi,
lowonda, lowongoka ngati sipoko yatsopano,
likudutsa pakona pa milomo yanga
lopanda womukoka kumbuyo.

"Eya! Dzutsa lilime tsopano."
Ndinadzutsa. Onse anayi anayankha pamodzi
ngati sitima ya katundu ikuchenjeza ng'ombe pa njanji.
"Gonekanso." Limodzi.
"Dzutsa." Onse.
"Lisanagone, alole alire onse pang'ono,
kenako phaa, tseka, patsale mmodzi.
Khamu liyambe, mwini nkhani amalize."

Anamwa madzi, napukuta zala zakuda pa bondo.
"Chatsala n'kudula mpweyawo m'zidutswa.
Uzinena ta, ta, ta, koma mawu asamveke.
Ukatero ka, ka, kuchokera chakummero.
Ta-ka, ta-ka, monga tcheni chikamadumpha dzino."

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Zaka makumi awiri ndi zitatu
aphunzitsi ndi rula yawo,
amalume ndi "tayankhula ngati mwamuna",
sing'anga wa ku Thavite ndi mizu yake yowawa,
onse akhala akuthamangitsa ta-ta-ta ameneyu m'kamwa mwanga,
ndipo lero munthu wa ndevu zoyera
akundipempha kuti ndimubwereze,
akugwedeza phazi, akuti ndikuchedwa.

Ndinamumasula.
Anathamanga pa mabowo anayi aja osapunthwa,
chibwibwi changa chitavala nsapato,
mpaka mayi wa zitumbuwa anaiwala chenji m'manja.

Sizinatenge nthawi.
Wakabaza wina anafika akukankha njinga,
tayala lakumbuyo lili fwaa, thumba la mpunga pa kaliyala,
a Twaibu n'kubwerera ku beseni lawo.
"Tenga, udzabweze Loweruka.
Koma kumanzereko mpweya ukuthawabe,
ndikuumva ndili pano."

Ndinatsata njanji popita kunyumba,
milomo yotupa, m'kamwa mukumveka dzimbiri,
lilime likuyeserera pa mano anga omwe:
atatu tseka, limodzi siya,
atatu tseka.
Kawiri konse linasochera, ndinaima, ndinayambanso.

Pakhomo mlongo wanga akuanula zovala
anaona chotupa m'thumba la malaya.
"N'chiyani chimenecho?"
Ndinati ha,
ndinati ha,
mawu anaima pomwe amaima masiku onse.
Anadikira, zopanira zovala zili pakamwa.
Ndinachitulutsa, ndinachigugudira pa chikhatho,
ndinapeza bowo lachinayi.